Tepi ya Mmisiri wa pa Lizulu

Sukulu sindinapite nayo patali,
koma bajeti ndimaidziwa.
Ndimaiyeza ndi tepi yanga
pano pa Lizulu, kuseri kwa ogulitsa kabichi,
pomwe chifunga cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa.

Wailesi yolendewera pa msomali
inati chaka chino za umoyo zapatsidwa zochuluka.
Mabiliyoni.
Liwulo limadzaza m'kamwa ngati mbatatesi yotentha.
Ndinawamva akuwomba m'manja kumeneko
ine ndikupala thabwa la paini
losakwana mita imodzi.

Lachiwiri kunabwera Zakeyu Kachigamba
ndi luzi m'manja.
Sanapereke moni. Anangolitambasula pa benchi,
mfundo uku, mfundo uko:
msinkhu wa mwana wake, Edinesi.
Malungo. Malungo omwewa
amene amagonja ndi timapiritsi tachikasu.
Kuchipatala anamulembera dzina lake pa kapepala,
nati kagule, kuno atha.
Ndalama zomwe sizinakwane mankhwala
anandipatsa ine, za misomali.

Ndalama imanyamuka ku likulu ili ng'ombe.
Imatidutsa pamsewu pano osaima,
ulendo wa ku boma.
Kumeneko imagona m'maofesi, imakhala nawo pa misonkhano,
aliyense wosayina adulako kanthuli kake.
Pobwerera kwa ife yasanduka nkhuku,
ndipo cholowa pakhomo la chipatala
ndi nthenga.

Ambulansi ili pa njerwa, dzinja lachitatu lino.
Pansi pake pakuswa abakha a mlonda.
Koma m'mabuku, akutero odziwa kuwerenga,
imamwabe dizilo mwezi ndi mwezi,
matayala inagulidwa atsopano.
Velentina wa kumtunda uko anabwera pa ngolo
usiku, magazi akudontha m'ming'alu ya matabwa.
Namwino anauluma foni ndi mano kuti iunike,
manja onse awiri ali pantchito,
batire mpaka kutha.
Bokosi lake ndinalikulitsa pang'ono m'mbali,
anapita awiri.

Musati ndikunena zoti sizingatheke.
Chinalipo chaka china
kunabwera mkulu wa chipatala, a Mlongoti,
munthu wouma mutu, wa nsapato imodzi yomweyo.
Katoni iliyonse ankaitsegula pabwalo anthu akuona,
kuwerenga mokweza,
ndi kumata chiwerengerocho pa chitseko.
Ndalama zinali zomwezo, sizinaonjezeke ndi tambala.
Koma chaka chimenecho ndinakhoma zitseko,
madesiki makumi atatu,
mabedi, ngakhale kabedi ka khanda kogwedezeka.
Mkazi wanga anadandaula kuti malonda a mabokosi agwa,
kenako anadzigwira pakamwa.

A Mlongoti anawasamutsa.
Kalata yake inati ndi kukwezedwa.
Pa chitseko panatsala timisomali tinayi
ndi ngodya ya pepala.

Anthu amandiyang'ana chammbali podutsa,
amati uyu amadya za maliro.
Inde ndimadya, ndikane bwanji?
Koma alipo ena odya za maliro omwewa
osagwirako sowo, osamva fungo la utuchi,
malaya awo oyera mbee,
ndipo pa maliro amapatsidwa mpando wakutsogolo.

Maluzi onse ndimasunga.
Ali pa msomali, pafupi ndi wailesi,
aatali, apakati,
ndi tiwiri tosakwana mkono wanga.
Akadzabwera ofufuza mabuku a boma
asadzavutike ndi malisiti,
malisiti amanama bwino.
Adzakhote apa, pa mulu wa utuchi,
ndidzawapatsa mpando womwe ndinakhoma chaka cha a Mlongoti,
tidzawerengere limodzi mfundo.

Pakona pali matabwa anayi a mkungudza
omwe ndinasungira tebulo.
Chaka chachitatu ndikuwabisa.
Dzulo mwana wanga wamng'ono anagona thupi likutentha,
ndipo usiku wonse
sindinayang'ane kukonako.